Kamlatho Kanga ndi Mpunga wa Apongozi

Ndinakwatira ku Bwanje ndili ndi manja a choko. Kwathu ndi ku Mlangeni, kumtunda, kumene mwana amadziwa kukwirira mbatatesi asanadziwe kuwerenga. Mpunga ndinkaudziwa ukakhala m'mbale basi. Ndinali nditaphunzitsa masamu kwa zaka zingapo pa sekondale ina yapulaiveti, sukuluyo n'kutsekedwa, ndiye ndinatsikira kuchigwa, kwawo kwa akazi anga, ndi sutikesi imodzi ndi laputopu yakale. Tsiku loyamba limene ndinalowa m'matope kukawokera mbande, atcheya a gulu la alimi, bambo a nthabwala zoluma, anaima m'mbali mwa puloti n'kundionerera kwa kanthawi. Kenako anati, "Aphunzitsi, tulukanimo, mukuponda chakudya." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, koma ndinatulukadi.

Mkamwini asamakule mwendo, amatero akuluakulu. Wanga mwendo sunakule ngakhale pang'ono. Ndinaphunzira kukhala pamudzi pa eni osamveka: ndiwo zikachepa mchere ndinkadya choncho, mpando ukasowa ndinkaima n'kumati ndikuongola msana. Ena ankayesa kudzichepetsa kwa Chikhristu. Ine ndikudziwa kuti anali mantha, mantha a munthu amene akudya zimene sanalime.

Zimene ndinkadyazo zinkachokera pa puloti ya apongozi anga, mayi a akazi anga. Anali amasiye, aafupi, osalankhulalankhula, ndipo ine ndi iwo tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uko, ine uku, moni n'kupatsana chapatali maso ali pansi. Zina zonse zinkadzera mwa akazi anga. "Amayi akuti denga la khitchini likudontha." "Muwauze amayi kuti ndakonza." Sikunali kudana ayi, unali ulemu, ndipo tinakhala choncho zaka zisanu ndi ziwiri popanda woona chachilendo.

Puloti yawoyo sinali mu sikimu yaikulu ya ulimi wothirira imene anthu amaidziwa. Inali m'kagulu kakang'ono ka mabanja a m'midzi iwiri, amene anali ndi pampu yawoyawo ya sola yoti azilimira mpunga ndi m'chilimwe momwe. Mapuloti anagawidwa m'mabuloko atatu: ya kumtunda, pafupi ndi pampu, ya pakati, ndi ya kumunsi. Buloko iliyonse inali ndi valavu yake yotsegulira madzi. Apongozi anali kumunsi, kumapeto kwenikweni, kumene paipi imathera ndipo kuseri kwake n'tchire. Madzi a pampu imodzi sakwanira mabuloko atatu nthawi imodzi, ndiye anthu ankayenera kusinthana masiku. Papepala zinali choncho. Kumunda, madzi ankapita kwa amene ali ndi mawu aakulu ndi ana aamuna ambiri. Apongozi analibe mwamuna, ana awo aamuna anakakwatira kwina, ndipo mkamwini wawo ndinali ine.

Amene anabweretsa pampu anasiyanso kabokosi kachitsulo pakhoma la kanyumba ka pampu, ndipo mavalavu anali oti n'kutsegulidwa ndi magetsi kapena ndi manja. Kabokosiko palibe ankadziwa ntchito yake, moti mavu anamangamo. Tsiku lina ndinapempha atcheya kuti nditsegule. Ndinapezamo kakompyuta kosaposa chikhatho, koyendera pulogalamu yaulere imene anthu ongodzipereka a kumaiko akutali amalemba limodzi pa intaneti. Zolemba mapulogalamu ndinali nditadziphunzitsa ndekha ndili kusukulu kuja, pothawa kuchonga makope. Kwa nthawi yoyamba chifikire ku Bwanje ndinaona chinthu chimene ine ndinkachidziwa pamene ena onse sankachidziwa. Lero ndimati bola ndikanawasiya mavu aja m'nyumba mwawo.

Ndifotokoze pang'ono, poti mphunzitsi sataya khalidwe lake. Pulogalamuyo inalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa C. N'champhamvu koma n'chouma mutu: ukafuna kusintha kanthu kakang'ono, monga kunena kuti Lachitatu madzi apite kumunsi, uyenera kumanganso pulogalamu yonse. Kumanga, pa ntchito imeneyi, ndi kupereka zimene anthu alemba kwa kompyuta kuti izisandutse chinthu chimene makina angayendere. Pa laputopu yanga zinkatenga nthawi yoti munthu n'kusamba, kudya, n'kubwera isanamalize. Ine ndinkafuna kuti ndandanda ya madzi ikhale kakalata kakafupi, koti gulu likasintha maganizo ndisinthe mzere umodzi basi. Chinenero china, chotchedwa Lua, n'chofewa choncho. Koma C ndi Lua sizimvana popanda china chake pakati chowolotsa mawu uku ndi uku. A ntchitoyi amachitcha binding. Ine ndinkangoti kamlatho.

Kamlathoko ndinakalemba miyezi inayi nditakhala pakhonde, anzanga ali m'matope. Amayi opita kumjigo ankati mkamwini wa pakhomo paja amangosewera magemu. Akazi anga akamachokera kumunda ankaima pamaso panga, matope mpaka m'mawondo, n'kufunsa kuti, "Nanga lero mwakolola matumba angati pa kompyutapo?" Koma kanatheka. Lolemba ndi Lachinayi valavu ya kumtunda inkatseguka yokha, Lachiwiri ndi Lachisanu ya pakati, Lachitatu ndi Loweruka ya kumunsi, Lamulungu pampu n'kupuma ngati Mkhristu aliyense. Gulu linagwirizana pamsonkhano kuti mavalavu atsekeredwe m'chikhola cha mawaya, pasapezeke wowakhudza ndi manja, ngakhale atcheya amene. Ndine ndinalimbikitsa kwambiri lamulo limenelo. Anagula loko, kiyi n'kundipatsa ine, poti ndine ndinalibe puloti.

Nyengo ziwiri zinadutsa mwamtendere. Apongozi anakolola mpunga umene sanakololepo chimwalirire amuna awo, matumba mpaka kutsekereza zenera la kuchipinda. Uthenga unabwera kudzera njira yake ya masiku onse: "Amayi akuti tambala wofiira uja ndi wanu." Ndinamudya ndi mtima wosadziimba mlandu, koyamba pakhomo pamenepo. Anthu ena anayamba kunditchula kuti ainjiniya, ngakhale atcheya anakana kusintha, kwa iwo ndinakhalabe aphunzitsi.

Kukhuta kumabweretsa maganizo. Ndinaganiza zotumiza kamlatho kanga kwa eni pulogalamu kuti kalowe m'pulogalamu yeniyeniyo, ena padziko akagwiritsenso ntchito. Ndisaname, ndinkafuna dzina langa lioneke penapake. Woyang'anira pulogalamuyo, munthu amene sindinamuonepo nkhope ndipo sindidziwa ngati ndi bambo kapena mayi, anakawerenga, anandikonzetsa malo angapo, kenako anavomera. Anatsala ndi funso limodzi: siwichi yake ikhale pati?

Nkhani ya masiwichi ili motere. Pulogalamu yaikulu imakhala ndi zigawo zimene si aliyense amazifuna, ndipo timilatho ta zinenero zina tili m'gulu limenelo. Chigawo chilichonse chili ndi siwichi yake m'kalata imene imauza kompyuta zoti imange. Siwichi ikakhala pa ON, chigawocho chiyenera kumangidwa zivute zitani. Zofunika zake zikasowa pa kompyutapo, ntchito yonse imaima n'kulemba zofiira. Ikakhala pa OFF, sichimangidwa pokhapokha womangayo atachita kupempha. Ndiye pali malo achitatu, AUTO. Pamenepo kompyuta imayang'ana yokha ngati Lua alipo. Akakhalapo imamanga kamlatho, akasowa imakalumpha n'kupitiriza ngati palibe chachitika.

Ndinaganiza masiku atatu, ngati ndikusankha dzina la mwana. ON inandiopsa. Ndinkaona m'maganizo munthu wina kutali, amene sanamvepo za Lua kapena za Bwanje, ntchito yake itaima chifukwa cha ine, akuwerenga dzina langa n'kutsonya. Ine, wongobwera dzulo m'nyumba ya eni, ndiyambe kuimitsa anthu ntchito? OFF nayo inandiwawa, kunali ngati kundigoneka kukhitchini. AUTO ndiyo inandikwana: malo akakhalapo ndilipo, akasowa ndachoka popanda wondimva. Ndinayankha kuti AUTO. Woyang'anira uja anandichenjeza. Analemba kuti iye AUTO saikonda, chifukwa imasangalatsa aliyense mpaka tsiku limene idzakubisire vuto, koma poti kamlatho n'kanga, mawu otsiriza ndi anga. Ndinamuthokoza kwambiri m'Chingerezi changa chotchena n'kubwereza kuti AUTO. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ngakhale eni ataika AUTO, womanga akhozabe kulemba yekha ON pa nthawi yomangayo, koma ine sindinazolowere kutero. Pa laputopu yanga Lua analipo chikhalire, ndipo kamlatho kankamangika nthawi zonse popanda kupempha.

Nyengo yachitatu, mu Okutobala, dzuwa la ku Bwanje lija loti ngakhale abuluzi amabisala, kabokosi kanayamba kuzima kokha masana n'kuyakanso. Sikanalakwitse ndandanda, koma kankandidetsa nkhawa. Ndinaona pa intaneti kuti eni pulogalamu akonza vuto lomwelo, chofunika n'kumanga pulogalamu yatsopano n'kuiika pa kakhadi ka m'kabokosi. Mpunga unali utatsala pang'ono kutulutsa ngala, nthawi imene sufuna kusowa madzi ngakhale masiku ochepa. Mwina munthu wanzeru akanadikira kukolola. Ine ndinati ndikonze msanga kuti kasadzazimiretu pa nthawi yovutayi.

Laputopu yanga inali itafa sabata yapitayo, sikirini yangoti bii. Ndinabwereka ya mphunzitsi wina wa pa sekondale yapafupi. Linali Lolemba m'mawa. Ndinakopera zonse, n'kulamula kuti imange monga ndinkachitira nthawi zonse, osatchula siwichi iliyonse. Mizere inayamba kuthamanga pa sikirini, yambirimbiri, ndipo chizolowezi changa chinali kuyang'ana wotsiriza wokha. Ili mkati, foni inalira. Anali achemwali anga: bambo agwa m'munda, awatengera kuchipatala, sakulankhula.

Nditabwerera pa laputopu ndinapeza yamaliza, mzere wotsiriza ukunena kuti zonse zatheka. Ndinaika pulogalamuyo pa kakhadi n'kupalasa njinga mpaka kukanyumba ka pampu. Ndinalowetsa kakhadi, kanyali kobiriwira kanayaka, pampu inalira, madzi anakhuthukira m'buloko ya kumtunda. Lolemba linali tsiku lawo. Ndinatseka loko, kiyi m'thumba, ndipo pofika masana ine ndi akazi anga tinali m'minibasi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti laputopu yobwerekayo inalibe Lua. AUTO inayang'ana, sinapeze, inalumpha kamlatho kanga mwaulemu monga ndinaipempha. Kabokosi kopanda kamlatho sikangawerenge ndandanda, ndipo kakasowa ndandanda kamatsegula valavu yoyamba yokha, ya kumtunda, kuti mapaipi asaphulike, n'kuisiya choncho tsiku ndi tsiku. Kanyali kobiriwira kamangonena kuti pampu ikuyenda, osati kumene madzi akupita.

Bambo anamwalira Lachinayi. Za masiku amenewo ndimakumbukira zoduladula: fungo la mankhwala m'wodi, mapazi awo ozizira, mphepo ya kwathu imene thupi langa linali litaiiwala. Ndine mwana wamwamuna woyamba, ndiye chilichonse chinkafika kwa ine, za bokosi, za galimoto, za abale amene ankafuna kuti bambo akaikidwe kwina. Loweruka masana, ndili pakati pokambirana ndi adzukulu za malo a manda, foni inalira. Anali atcheya.

"Aphunzitsi, pepani ndi zovutazi. Sindikadakuvutitsani, koma a kumunsi akuti madzi sadawaone Lachitatu, ndipo lero sakuwaonanso."

"Kanyali kakuyaka mtundu wanji?" ndinafunsa.

"Kobiriwira."

"Pampu ikulira?"

"Ikulira bwinobwino. Kwathu kumtunda kuno madzi ngambiri, mpaka akusefukira kwa a pakati."

"Ndiye zili bwino," ndinatero. "Dzuwa lakula, paipi ya kumunsi njaitali, madzi akufika ofooka. Adikire, ndikabwera ndidzaona."

Ndinayankha ndi mawu a m'kalasi, aja oti mwana asafunsenso. Atcheya anandiuza ndi pakamwa pawo kuti madzi akusefukira kumtunda pa tsiku la a kumunsi, ndipo ine, mphunzitsi wa masamu, sindinaphatikize ziwirizo. Iwo anapita kukauza a kumunsi kuti mwini makina wati zili bwino. Puloti yawo inali kumtunda, ndiye panalibe chowafulumizitsa, koma sindingawaloze chala. Anafunsa, ndipo anayankhidwa.

Apongozi anafika tsiku lomwelo ndi amayi ena a ku Bwanje, atasenza ufa ndi mpunga wa chaka chatha. Anandipepesa chapatali n'kulowa m'gulu la amayi ophika. Lamulungu tinaika bambo. Madoda anavina ngoma pang'ono ndi zishango zawo potsanzikana ndi mnzawo, abusa akuyang'ana kumbali, ndipo ine ndinalira osabisa. Apongozi anagona masiku awiri, anatunga madzi, anatsuka mbale za anthu osawadziwa, n'kubwerera. Masiku onsewo anakhala pamphasa imodzi ndi mwana wawo, osatchula mpunga.

Ife tinatsala sabata ina. Mayi anga ankaopa kukhala okha m'nyumba, panali zokambirana za pabanja, panali munda wa mbatatesi woti tipeze wousamalira. Kiyi anali m'thumba la jekete langa, ndinkamukhudza ndikamafuna mpango. Foni sinalirenso za ku Bwanje, ine n'kumati kukhala chete kumeneko ndiye kuti zinakonzeka zokha.

Tinabwerera Lolemba, patatha masabata awiri athunthu. Ndinasiya akazi anga ndi katundu panyumba n'kupita kumunda. Kumtunda kunali kobiriwira mochita kunyanya, achule akulira masana. Pakati kunali bwino, poti ankamwa zosefukira. Nditadutsa mzere wa nthochi wolekanitsa pakati ndi kumunsi, phazi langa linagunda nthaka youma. Inali itang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Ngala zinali zitatuluka, koma zoyera mbee, zoima njo, chifukwa mkati munalibe kanthu kozilemetsa. Ndine wosadziwa mpunga, koma zimenezo sizinafune wondimasulira. Ndinakhala pansi pomwepo.

Pa puloti ya apongozi panali kanjira katsopano, kopondedwa mpaka kusalala, kochokera ku ngalande ya a pakati. Ankatunga ndi ndowa. Mayi wachikulire, dzuwa la Okutobala, mtunda woposa bwalo la mpira, kupita n'kubwera. Anapulumutsa ngodya imodzi, malo oti n'kuyalapo mphasa ziwiri. Mabanja ena a kumunsi anachitanso chimodzimodzi, aliyense ndi kangodya kake.

Ndinatsegula loko n'kupotokola valavu ya kumunsi ndi manja anga. Madzi anafika, analowa m'ming'alu n'kusowa. Ndinawasiya akuthira mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale ndinkadziwa kuti ngala ikayera sibwerera.

M'mawa mwake ndinakabwerekanso laputopu ija. Zimene inalemba pomanga zinali zikadalimo. Ndinakwera nazo mzere ndi mzere kuchokera pansi, ndipo chapamwamba, pakati pa mizere yonena za zinthu zimene zapezeka, ndinakapeza. Kamzere kamodzi, ka zilembo zofanana ndi zinzake, kosafiira, konena kuti Lua sanapezeke ndipo kamlatho kalumphidwa. Sikananame, sikanabise. Kanangolankhula motsitsa mawu, monga ndinafunira. Kenako ndinachita chinthu chopanda phindu, chongodzipweteka nacho: ndinalamulanso kuti imange, koma nditalemba ON. Sipanathe mphindi imodzi. Inaima, zofiira zili psuu, kundiuza kuti Lua palibe. Lolemba lija ndikanaziona foni ya achemwali isanalire n'komwe.

Ndinalembera woyang'anira pulogalamu uja kalata yaitali, ya mpunga, ya ndowa, ya maliro, zinthu zimene sizinkamukhudza. Anayankha mwachifundo. Sanandikumbutse kuti anandichenjeza, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anati asintha kuti pamapeto pomanga pazilembedwa poyera zonse zimene zalumphidwa, ndipo AUTO aichotsa. Kamlatho kakhala pa OFF, wokafuna azilemba yekha ON, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwo ndaikapo ndine, iye ananena m'njira yake. Ndiye anawonjezera mawu amene ankayesa kuti anditonthoza. Anati ndisadandaule kuti kusinthaku kusokoneza ena, chifukwa monga akudziwira iye, wogwiritsa ntchito kamlatho ka Lua ndine ndekha.

Ndinawerenga kawiri. Nthawi yonseyi ndinkayenda ndi kamtima koti kwinakwake kuli anthu akuwoloka pa kamlatho kanga. Kunalibe. Siwichi imene ndinaiganizira masiku atatu inkagwira chakudya cha mabanja a buloko imodzi ku Bwanje, ndipo posankha ndinaganizira aliyense padziko kupatula iwowo.

Msonkhano wa gulu unachitikira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pampu. Ndinafotokoza zonse, ON, OFF, AUTO, anthu akungondiyang'ana. Bambo wina wa kumunsi, amene naye mpunga wake unapsa, anaimika dzanja.

"Ndiye makinawo adadziwa kuti china chake chasowa, koma sadanene?"

"Ananena," ndinayankha, "koma motsitsa."

"Adawauza ndani kuti azinena motsitsa?"

"Ndine."

Palibe anandikalipira, poti ndinali wamaliro, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Anagwirizana kuti kabokosi kazimitsidwe, mavalavu abwerere m'manja. Atcheya anatambasula dzanja osanena nthabwala iliyonse, ine n'kuikamo kiyi. Pofika nyengo yotsatira mikangano ya madzi inali itabwerera mwakale, ndipo oluza anali a kumunsi. Ine sindinalembenso mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu. Laputopu yakufa ija ili pansi pa bedi, ndipo sindinapite nayo kokonzetsa.

Apongozi anamweta puloti yonse, ndi mbali yoyera yomwe, poti mlimi sasiya munda uli chiimire. Ndikakhala pakhonde ndinkawamva akupeta kuseri kwa nyumba. Mankhusu ankauluka mpaka pamene ndakhala, kumatirira m'tsitsi ndi m'khosi. Chotsala pa lichero chinali chochepa moti akazi anga sanandiuze kuchuluka kwake, inenso sindinafunse. Chaka chimenecho tinadya chimanga chimene mayi anga, amasiye a dzulodzulo, anatitumizira kuchokera ku Mlangeni. Ndinkameza ndi manyazi.

Tsiku lina masana, akazi anga atapita kuchigayo, kupeta kuja kunaleka ndipo ndinamva mapazi. Apongozi anabwera n'kukhala pansi kumapeto kwa khonde, chammbali, nkhope atalozetsa kumsewu. Ndinatsika pampando msangamsanga n'kukhala pansi nanenso, manja osadziwa powaika.

"Bambo," anatero, "ndabwera ndekha, chifukwa izi sizotuma mwana."

Ndinayamba kupepesa, mawu akuphonyana. Kenako funso limene linkandidya masiku onsewo linatuluka lokha. "Amayi, munabwera kumaliro. Munakhala ndi mwana wanu masiku awiri. Bwanji simunanene? Ndikanatumiza kiyi pa minibasi tsiku lomwelo."

"Ndidaona Lachitatu loyamba lomwe kuti madzi sakubwera," anayankha. "Ndimayesa mwachita dala."

"Dala, amayi?"

"Anthu amalankhula kumjigo. Amati chiyambire makina anuwo, madzi mumakondera kwa apongozi anu. Ndiye n'taona kwauma, ndidati bambowa amva, atseka kumunsi kanthawi kuti awatseke anthu pakamwa. Ndidati mwana wa eni ali pamudzi pa eni, akudzikonzera pokhala, ine ndisamuchititse manyazi. Ndiye ndidatenga ndowa."

Masabata awiri anasenza madzi padzuwa akuganiza kuti ndawapsetsera mpunga ndikudziwa, kuti ndidzipulumutse ndekha, ndipo anavomera.

"Zimene mudanena kumsonkhano zija ndimati mukungophimba," anapitiriza. "Dzulo ndiye mwana wanga walumbira kuti kudali kuphonya kwenikweni, simumadziwa kanthu." Anachotsa kankhusu pa chitenje chawo n'kukayang'ana kwa kanthawi. "Bola mukadachita dala, bambo. Mpunga wanga ukadafera kanthu."

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kubwerera kuseri kwa nyumba kukapitiriza kupeta.